Chithunzi Chabwino Chimayamba ndi Maso Athu: Phunziro la Kajambulidwe Lochokera kwa Mkanda

Patchuthi chathachi, angapo a ife amene kwathu ndi kwa Mkanda, m'boma la Mchinji, tinakumana pamaliro a agogo ena aakazi a m'mudzi mwathu. Anali mayi wodziwika. Mbiya zambiri za m'mudzimo anaumba ndi iwo, ndipo mwana aliyense wodutsa pakhomo pawo ankachoka ndi mtedza m'manja. Achibale anafuna chithunzi chimodzi chooneka bwino choti chiikidwe papepala la mwambo wa maliro, kenako chikapachikidwe m'nyumba. Popeza ndife ana a sukulu ndipo aliyense ali ndi foni, ntchitoyo anatipatsa ife.

Usiku umenewo tinakhala pakhonde, aliyense akufufuza m'foni mwake. Zithunzi zomwe agogowo analipo zinapezeka zambiri ndithu, koma panalibe n'chimodzi chomwe chothandiza. Pachina anali patali, kumapeto kwa gulu la paukwati, mutu wawo ukuoneka ngati njere ya chimanga. Pachina nkhope inali bii chifukwa dzuwa linali kumbuyo kwawo. China chinali mbuu chifukwa dzanja la wojambula linagwedezeka. Chimodzi chomwe chinkaoneka chabwinoko chinali chitayenda pa WhatsApp kuchoka foni iyi kupita foni iyo, moti titachikulitsa, nkhope inasanduka timabokosi. Pamapeto pake achibale anatenga chithunzi cha pachiphaso cha unzika. Agogo amene ankaseka mpaka kutuluka misozi tinawatsanzika ndi nkhope youma ya munthu wotopa pamzere, ndipo zidzukulu zodzabadwa m'tsogolo zidzawadziwa ndi nkhope imeneyo.

Pobwerera kusukulu tinkafunsana chimene chinalakwika. Ena anati vuto ndi mafoni athu otsika mtengo. Komatu kamera yoyamba ya digito, imene Steven Sasson anapanga kukampani ya Kodak mu 1975, inkajambula chithunzi cha timadontho 10,000 tokha, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti ichisunge patepi. Foni ya Itel kapena Tecno imene ili m'thumba mwathu imajambula timadontho mamiliyoni angapo m'kuphethira kwa diso. Chida tili nacho. Chimene chinatisowa ndi kuona: kuona kumene kuwala kukuchokera, kuona zimene zili kumbuyo kwa munthu, ndiponso kumuona munthuyo. Phunziro lino likufotokoza zimene takhala tikuphunzira ndi kuyesera kuchokera tsiku limenelo.

Kamera imaona kuwala basi

Dzina la luso limeneli m'Chingerezi linachokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kuwala ndi kulemba. Chithunzi chakale kwambiri chojambulidwa ndi kamera chomwe chilipo mpaka lero anachijambula Nicéphore Niépce ku France, mu 1826 kapena 1827. Anaika chida chake pawindo, ndipo panafunika maola osachepera 8 kuti kuwala kudindike pakachitsulo. Makamera asintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma mfundo yake ndi yomweyo. Kamera sidziwa agogo, sidziwa kwaya, sidziwa mkwatibwi. Imangolandira kuwala kumene kwagunda pachinthu n'kubwerera.

Maso athu amazolowera msanga. Tikayang'ana munthu amene waima pakhomo kunja kuli ng'aa, timaona nkhope yake ndi kunjako nthawi imodzi. Kamera imavutika kugwira malo owala kwambiri ndi malo a mdima pachithunzi chimodzi. Ikasamala za kunja, nkhope imada. Ikasamala za nkhope, kunja kumayera mbee. Choncho tisanatulutse foni, funso loyamba likhale lakuti: kodi kuwala kukuchokera kuti, ndipo kukugwera pati?

Dera la Mkanda lili pakati pa madigiri 13 ndi 14 kumwera kwa ikweta, ndiye masana dzuwa limakwera kwambiri. Chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale limafika paliwombo penipeni. Kuwala kochokera pamwamba chonchi kumachititsa mdima m'maenje a maso, pansi pa mphuno ndi pansi pa chibwano, pomwe pachipumi pamanyezimira thukuta. Munthu amatsinzinanso chifukwa chothobwa m'maso. Tsoka lake, iyi ndi nthawi imene timajambula kwambiri: mapemphero akangotha, ukwati ukangodalitsidwa, kapena mwambo wolandira masatifiketi ukangotha.

Nthawi yabwino ndi ola loyamba dzuwa likangotuluka ndi ola lomaliza lisanalowe. Kwathuku mu Juni dzuwa limatuluka itangokwana 6 koloko ndipo limalowa cha m'ma hafu pasiti 5. Mu Disembala limatuluka itangopitirira 5 koloko n'kulowa itangopitirira 6. Panthawi zimenezi kuwala kumadzera m'mbali, kumakhala kofewa ndi kofiirira, ndipo khungu limaoneka mokongola. Tisazengereze, chifukwa kuno dzuwa likalowa mdima suchedwa. Tsiku la mitambo nalonso ndi labwino, pakuti mitambo imamwaza kuwala mofanana paliponse.

Nanga ngati palibe kuchitira mwina koma kujambula masana? Tiyeni tifunefune mthunzi wokwanira: m'mphepete mwa khonde, pakhomo la nyumba, kumbali kwa chipupa chimene sichikuombedwa dzuwa, kapena pansi pa mtengo wa mango wa masamba ogundizana. Munthu aime mumthunzi koma ayang'ane kumene kuli kowala, ndipo ife tiime kowalako. Tipewe mtengo wa masamba apatalipatali, chifukwa umaika mawanga pankhope ngati nkhanga.

Khungu lathu ndi zovala zoyera

Pali vuto lina limene limatikhudza ife makamaka. Kamera ikamayeza kuwala, imaphatikiza zonse zimene ikuona n'kuyesa kuzifikitsa pakatikati, posayera kwambiri komanso posada kwambiri. Ndiye tikajambula anthu a khungu lakuda atavala malaya oyera, ataima kutsogolo kwa chipupa chopaka laimu, kamera imaona ngati kwawala mopitirira ndipo imachepetsa kuwala. Malaya amatuluka bwino, nkhope zimasowa. N'chifukwa chake zithunzi zambiri za makwaya ndi za maukwati zimaonetsa zovala ndi mano okha.

Vutoli lili ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi kakhadi kokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, kotchedwa Shirley, koti aziyezera mitundu pamakina awo. Filimu ndi makina zinkakonzedwa poganizira khungu loyera. Kafukufuku wa Lorna Roth wa ku Canada, wosindikizidwa mu 2009, anasonyeza kuti zina mwa zimene zinakakamiza kampaniyo kusintha anali madandaulo a opanga mipando ya matabwa ndi opanga chokoleti, amene katundu wawo wofiirira sankatuluka bwino pazithunzi zotsatsira malonda. Masiku ano zinthu zasintha, ndipo kampani ya Transsion, imene imapanga mafoni a Tecno ndi Itel, inatchuka mu Africa muno mwa zina chifukwa chokonza makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda. Komabe foni siingadziwe yokha kuti chofunika kwa ife ndi nkhope.

Tiyenera kuiuza. Tisanajambule, tigunde ndi chala pankhope ya munthuyo pasikirini. Tikatero foni imalunjika pamenepo ndi kuyeza kuwala kwa pankhopepo. M'mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa. Tikakakweza pang'ono ndi chala, nkhope imawala. Tikweze mpaka maso aoneke bwino, koma tisapitirize mpaka malaya oyera atasowa makwinya ndi mabatani ake.

Njira ina ndi kubweza kuwala. Mnzathu agwire nsalu yoyera, pepala lalikulu loyera kapena thumba loyera lochapa bwino, aime nalo chakutsogolo kwa wojambulidwayo, kumbali imene kuli mdima, kuti kuwala kugunde pansalupo n'kubwerera kunkhope. Sitilipira kanthu, koma zotsatira zake zimaoneka nthawi yomweyo. Malata ndi kalilole tisagwiritse ntchito, chifukwa zimathobwa m'maso.

Tizimitsenso kabatani kosalalitsa nkhope kamene mafoni ambiri amabwera katayatsidwa kale. Kamafufuta makwinya, mphini ndi zipsera, ndipo nthawi zina kamayeretsa khungu. Agogo opanda makwinya si agogo athu.

Kupukuta, kugwira ndi kuyandikira

Zinthu zitatu zazing'ono zimaononga zithunzi zambiri kuposa mtengo wa foni. Choyamba ndi diso la kamera lakuda. Foni imagona m'thumba limodzi ndi fumbi la m'misewu ya chilimwe, ndipo timaigwira ndi zala zomwe tangodyera mandasi kapena tchipisi cha pachiwaya. Mafuta a pagalasi amachititsa chithunzi kuoneka ngati muli nkhungu. Tizipukuta ndi kansalu kofewa koyera nthawi iliyonse tisanajambule, titayamba tauzirapo kuti mchenga uchoke, chifukwa mchenga umakanda galasi.

Chachiwiri ndi kugwedezeka. Kunja kukawala, kamera imatsegula diso kwa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kapena kucheperapo, ndipo dzanja silikhala ndi mpata wosokoneza. M'nyumba kapena madzulo imatha kutsegula kwa gawo limodzi mwa magawo 15 okha, nthawi yokwanira kuti kunjenjemera pang'ono kupake chithunzi chonse. Tigwire foni ndi manja awiri, zigongono titazitsamiritsa kunthiti, ndipo tidine mofatsa titabweza mpweya. Kukachita mdima titsamire chipupa kapena mtengo, kapena tikhazike foni panjerwa, pampando kapena pachishalo cha njinga n'kuitchera kuti ijambule yokha pakatha masekondi atatu.

Chachitatu ndi kukokera chinthu pafupi ndi zala ziwiri pasikirini. M'mafoni ambiri otsika mtengo, kuchita zimenezi sikubweretsa chinthu pafupi. Foni imangodula kachigawo ka chithunzi n'kukatambasula, ndipo timadontho tambiri timatayika. Miyendo ndiyo iyende. Agogo aja anaoneka ngati njere ya chimanga chifukwa palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zoyenda mapazi khumi. Komabe tisafikitse foni pamphuno penipeni, chifukwa galasi la foni limaona motambalala, ndipo chimene chili pafupi kwambiri chimatupa. Pojambula nkhope ndi mapewa, tiime mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, ndipo zotsala m'mbali tidzadule pambuyo pake.

Za kagetsi ka foni, tidziwe kuti mphamvu yake imathera pamamita awiri kapena atatu. Tikakayatsa tili kumbuyo kwa holo, kamawalitsa mitu ya otiyandikira, kutsogolo kuli mdima. Ndi bwino kutsegula mawindo ndi zitseko, kapena kupempha anthuwo kuti mwambo ukatha asendere pafupi ndi khomo.

Zimene zili kumbuyo ndi m'mbali

Tikamajambula, maso athu amakhala pamunthu yekha, koma kamera imatola zonse: chimbudzi, beseni la mbale zosatsuka, galu, mzati wa magetsi wooneka ngati wamera pamutu pa mkwati. Tisanadine, tiyendetse maso m'makona anayi a sikirini. Nthawi zambiri kusuntha phazi limodzi kumanja kapena kumanzere kumachotsa vutolo.

Seydou Keïta wa ku Mali, amene anatsegula malo ake ojambulira mumzinda wa Bamako mu 1948, ankajambula anthu pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa masana. Kumbuyo kwawo ankapachika nsalu ya maluwa, ndipo poyamba inali nsalu yoyala pabedi pake. Anamwalira mu 2001, zithunzi zake zitafika m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera luso ku Ulaya ndi ku America. Ife tili ndi zitenje, mphasa, mipanda ya udzu, nkhokwe ndi zipupa za njerwa zootcha. Chilichonse mwa izi chimakhala bwino kumbuyo kwa munthu, makamaka akaima mapazi awiri kapena atatu kuchoka pamenepo.

M'makonzedwe a kamera ya foni muli poyatsira timizere tinayi, tiwiri toima ndi tiwiri togona, timene timagawa sikirini m'zigawo 9. Timizereti timathandiza pawiri. Poyamba, timationgolera chithunzi kuti nyumba isaoneke ngati ikugwa ndi mapiri a Mchinji asapendekeke. Kachiwiri, timatikumbutsa kuti munthu sayenera kukhala pakati nthawi zonse. Tikaika maso ake pamzere wam'mwamba, thupi lake chakumbali, n'kusiya mpata kumene akuyang'ana kapena kumene akupita, chithunzi chimakhala ndi moyo. Wakabaza wolowera kumanja tim'siyire msewu kumanjako. Tipewenso kudula munthu pakhosi, pazigongono, m'mawondo kapena mu akakolo. Ngati tikudula, tidule pakati pa mfundo.

Chinthu china tinaphunzira kale kwathu, kungoti sitinkachigwiritsa ntchito pojambula. Mwana wamakhalidwe salankhula ndi akuluakulu ali chilili. Amagwada kapena kunjuta. Kamera nayonso igwade. Tikajambula agogo okhala pamphasa ife tili chiimire, amaoneka ochepa ndi omvetsa chisoni, ndipo kumbuyo kwawo kumangokhala dothi. Tikatsitsa foni kufika pamlingo wa maso awo, amaoneka monga alili, mwini khomo pakhomo pake. N'chimodzimodzi ndi ana.

Pojambula gulu, monga kwaya kapena kalasi, onse akhale m'kuwala kofanana, osati ena padzuwa ena pamthunzi. Tiwaike m'mizere itatu, okhala pansi, okhala pabenchi ndi oimirira, m'malo mwa mzere umodzi wautali umene umatikankhira kutali. Tiwauze kuti amene sakuona foni, foninso sikumuona. Ndipo tijambule kasanu kapena kuposerapo, chifukwa pagulu sipalephera wophethira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Ambiri a ife tikangoona kamera timaima njo ngati asilikali, manja m'mbali, nkhope gwa. Wojambula akafulumira, amatenga nkhope imeneyo. Mankhwala ake ndi kucheza. Tiwafunse agogo za chaka chimene anakwatiwa, za mmene ankayendera wapansi kupita ku Fort Manning, dzina lakale la Mchinji, kapena za mdzukulu amene amawavuta kwambiri. Foni ikhale yokonzeka, kuwala titayeza kale. Pakatha mphindi zingapo amaiwala za kamera, ndipo nkhope imene timaidziwa imabwera yokha.

Tisamangodikira maukwati. Moyo wa kwa Mkanda uli m'ntchito za tsiku ndi tsiku: amayi akuswa mtedza pabwalo, abambo akusoka fodya m'chigafa, ngolo yodzaza chimanga ikuchokera kumunda, achinyamata akupeta soya, msika utadzaza njinga. Izi timaziona ngati zachabechabe chifukwa tinazizolowera, koma pakadzatha zaka 30 ndi zimene ana athu adzafune kuona. Pantchito iliyonse tiyese kutenga zithunzi zitatu: chapatali choonetsa malo onse, chapakatikati choonetsa munthu ndi ntchito yake, ndi chapafupi choonetsa manja okha. Zitatuzi zikaikidwa pamodzi zimafotokoza nkhani popanda mawu ambiri, ndipo akonzi a magazini ino amazilandira ndi manja awiri.

Mbiri ya dziko lathu ikusonyeza phindu lake. Zina mwa zithunzi zoyambirira za chigawo chino cha Africa anajambula ndi mlendo, John Kirk, dokotala amene anali paulendo wa David Livingstone wa mumtsinje wa Zambezi kuyambira 1858 mpaka 1863. Alendo ankajambula zimene zinkawadabwitsa iwo. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunali Mungo Murray Chisuse, mbadwa ya dziko lino, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku kumishoni ya Blantyre ndipo anaphunziranso kujambula. Zina mwa zithunzi za John Chilembwe, banja lake ndi anthu a pamishoni yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu anajambula ndi iyeyo. Anajambula anthu akwawo atavala ndi kukhala monga iwo eni ankafunira kuoneka. Chilembwe anaphedwa mu 1915 ndipo tchalitchi chake chinagwetsedwa, koma nkhope yake tikuidziwa lero chifukwa panali anthu amene anajambula mosamala ndi ena amene anasunga. Mudzi uliwonse ukufunika munthu wotere, ndipo kwathu ntchitoyo yagwera ife.

Kupempha kaye

Nkhope ya munthu ndi yake. Tisanajambule tiyambe ndi moni, kenako tipemphe: "Agogo, kodi mungalole kuti tikujambuleni? Chithunzicho tidzakubweretserani." Akakana, tithokoze n'kubweza foni m'thumba. Akafuna kukasintha chitenje kapena kumanga duku, tiwadikire. Ndi ufulu wawo kuoneka mmene akufunira. Tikajambula tiwaonetse, ndipo ngati talonjeza kubweretsa chithunzi, tibweretsedi. Kuloledwa kujambula si kuloledwa kuika pa Facebook. Chimenecho ndi chilolezo china. Ana tisawajambule ndi kuwafalitsa popanda makolo awo kudziwa.

Pali malo amene foni iyenera kukhala m'thumba. Pangozi ya pamsewu, munthu wovulala akufuna thandizo, ndipo achibale ake sayenera kumva uthenga kudzera pachithunzi cha m'gulu la WhatsApp. M'chipatala ndi pamaliro tijambule pokhapokha eni ake atatipempha. Tikumbukirenso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kugwiritsa ntchito foni ndi intaneti pozunza ena.

Popeza kwathu ndi kumalire ndi Zambia, tisamale ndi malo a chitetezo. Pachipata cha Mchinji ndi Mwami, pamalo ofufuzira galimoto, papolisi ndi pamene pali asilikali, tisajambule tisanafunse oyang'anira. Pamiyambo ya makolo napo pali malamulo ake. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ali ndi eni ake, ndipo pali zina zimene salola kuti zijambulidwe. Ngakhale pamwambo wapoyera ngati Kulamba, umene umachitika chakumapeto kwa Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, wanzeru amayamba wafunsa. Safunsa anadya phula.

Kusankha ndi kusunga

Chithunzi chabwino chikatayika, ntchito yonse yapita pachabe. Mafoni amabedwa, amagwera m'madzi, amafa osatsanzika. Madzi akatayika saoleka.

Tiyambe ndi kusankha. Pazithunzi 20 za chinthu chimodzi, tisunge ziwiri kapena zitatu, zinazo tifufute. Zosankhidwazo tingazikonze pang'ono: kudula m'mbali, kuongola, kuwalitsa nkhope. Pulogalamu yaulere ya Snapseed imachita zonsezi. Tisasinthe mitundu mpaka munthu kusiya kufanana ndi iye mwini, ndipo chithunzi choyambirira tizichisunga osachikhudza.

Potumiza, tidziwe kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo yambiri. Pasikirini ya foni sizioneka, koma papepala zimaoneka. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimafuna timadontho pafupifupi 1,200 kwa 1,800 kuti chituluke chakuthwa, ndipo cha masentimita 20 kwa 30, choyenera kupachika pachipupa, chimafuna pafupifupi 2,400 kwa 3,600. Choncho chithunzi chopita kokatsukitsa kapena kumagazini tichitumize ngati dokyumenti, kapena pa Bluetooth, kapena pachingwe, kuti chifike chathunthu.

Chithunzi chilichonse chofunika chikhale m'malo osachepera awiri. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ndipo tingakwezeko zithunzi tikapeza intaneti ya pasukulu. Tingasungenso pamemori khadi kapena pafulashi imene imakhala kunyumba. Koma njira yodalirika kwa anthu akumudzi ndi pepala. Chaka chilichonse titsukitse zithunzi zingapo zabwino koposa. Kumbuyo kwake tilembe ndi pensulo mayina a anthu, malo ndi tsiku, chifukwa chithunzi chopanda dzina chimasanduka cha mlendo pakangotha mibadwo iwiri. Tizisunge mu alubamu kapena mu envulopu, pamalo pouma, kutali ndi dzuwa, chinyezi ndi chiswe.

Zoti tiyesere mlungu uno

1. Tijambule mnzathu mmodzi pamalo amodzi katatu: m'mawa dzuwa litangotuluka, masana, ndi madzulo. Tiyerekeze maso ake pazithunzi zitatuzo.

2. Masana, timuimike padzuwa, kenako m'mphepete mwa khonde akuyang'ana kunja. Tibwerezenso wina atagwira nsalu yoyera kumbali ya mdima.

3. Tijambule munthu wovala zoyera kawiri: koyamba osakhudza sikirini, kachiwiri titagunda pankhope ndi kukweza kuwala.

4. Tisankhe ntchito imodzi ya pasukulu pano, monga kuphika kapena kulima kudimba, tipemphe chilolezo, n'kujambula zithunzi zitatu zija: chapatali, chapakatikati ndi chapafupi.

5. Tilembe mayina a anthu atatu achikulire a kwathu amene tilibe chithunzi chawo chooneka bwino, ndi tsiku limene tidzawayendere.

Mafunso okambirana m'magulu

N'chifukwa chiyani nkhope zimada tikajambula anthu ovala zoyera? Kodi ndi nthawi ziti pamene kusajambula kumakhala kwabwino kuposa kujambula? Foni yathu itatayika lero, ndi zithunzi ziti zimene sitingazipezenso kwina kulikonse?

Ife ntchito yachisanuyo tinaiyamba kale. Agogo aja anasiya mng'ono wawo, amenenso ndi wokalamba ndithu. Titapitanso kwa Mkanda tinawapeza madzulo akusenda chinangwa, ndipo titapempha anati tidikire avale chitenje chawo chatsopano. Tinawayalira mphasa m'mphepete mwa khonde moyang'ana kumene dzuwa linkalowera, mmodzi anagwira nsalu yoyera, wojambula anagwada. Poyamba anaumitsa nkhope ngati ya pachiphaso. Kenako wina anawafunsa kuti pakati pa iwo ndi akulu awo aja, ndani ankaopa kwambiri mamba a kudambo, ndipo anaseka mpaka kugwira pamimba. Tinatsukitsa ziwiri. Chimodzi chili pachipupa m'nyumba mwawo, china chili ndi mdzukulu wawo ku Lilongwe, ndipo kumbuyo kwa chilichonse tinalembako dzina lawo, mfunda wawo, mudzi ndi tsiku.